Jeneza la Mlendo

Sumaila anagogoda pa geti katatu, koma mlonda sanatuluke. Atasuzumira pa mpata wa zitsulo anaona kanyumba ka mlonda kali pululu, mpando utagwa chagada. Dalaivala wa ku unduna anali ataimika galimoto kutali, pansi pa mtengo wa mbawa, ati mthunzi wabwino uli kumeneko. Mthunzi wanji! Ankaopa kuti nambala ya boma ingaoneke pa khomo limeneli.

Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chilowereni asilikali m'dziko la a Abdallah. Dzina la dzikolo sinditchula, pakuti ngakhale pa Capital Hill masiku amenewo ankangoti "kuja." Linali dziko laling'ono ngati lathu lomweli, kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo a Abdallah ndiwo anali kazembe wake kuno. Mnansi wawo wamkulu anangodzuka tsiku lina n'kuwoloka malire ndi akasinja. Tsoka lake, mnansi yemweyo ndiye ankatitumizira ife feteleza, ndipo Lachisanu la sabata imeneyo nthumwi zake zimabwera kudzasaina za msewu watsopano.

Sumaila anakankha geti yekha. Ku Area 43 kumakhala zii nthawi zonse, koma bwalo ili linaposa. Masamba anali mbwee, osasesa, maluwa atafota ndi dzuwa la Okutobala. Antchito onse anathawa tsiku lomwe anthu a magalasi akuda, apolisi achinsinsi, anayamba kuwafunsa mafunso pa njira.

Chitseko anatsekula ndi a kazembe eni ake, opanda nsapato, ndevu zosameta. Ankalankhulana m'Chingerezi, koma ine ndikuuzani m'chathu.

"A Sumaila. Mwandibweretsera yankho?"

"Inde, bwana."

A Abdallah anali atalemba kalata yopempha kuti Malawi adzakweze nawo dzanja pa msonkhano wa mayiko, podzudzula kulandidwa kwa dziko lawo. Yankho lake analikonza ndi Sumaila yemweyu, pakuti ntchito yake inali yosamalira akazembe ndi makalata awo. Analilemba katatu. Koyamba anati boma likudzudzula, akuluakulu anakhwatcha. Kachiwiri anati boma likudandaula, anakhwatchanso. Chomwe chinatsala ndi mizere iwiri: boma likutsatira mwatcheru zomwe zikuchitika, ndipo likupempha mbali zonse kuti zidekhe.

A kazembe anawerenga ali chiimire. "Mbali zonse," anatero motsitsa mawu. Anaipinda kalata bwinobwino n'kuiika pa tebulo. Sumaila ankayembekezera kuti akalipa, ndipo anali atakonzeratu mawu owaziziritsa mtima. Koma iwo anangomuyang'ana ndi maso ofiira.

"Mkazi wanga watisiya m'mawa uno."

"Chachitika n'chiyani, bwana?" anafunsa Sumaila.

"Mtima. Chimvereni pa wayilesi kuti mzinda wathu wagwa, sanadye. Ana athu awiri ali komweko, sitikudziwa ngati ali moyo. Kwathu ndege sizikutera. Ndaimba mafoni kuyambira m'mawa, aliyense akuti ali pa msonkhano. Ayenera kuikidwa lero, inu mukudziwa zimenezo. Ali m'chipinda umo yekha, palibe womusambitsa. Sindikupempha boma lanu, a Sumaila. Ndikupempha inu."

Mayiwa Sumaila ankawadziwa. Zaka zitatu zapitazo, pomwe ankawalandira pa bwalo la ndege, mayiwo anangomva dzina lake la Chisilamu n'kumwetulira, "Kani ndinu wathu!" Kuyambira pamenepo, Ramazani iliyonse ankamutumizira kabokosi ka zipatso za tende. Tendezo Sumaila ankadyera yekha m'nyumba ya boma ku Area 15, makatani atatseka. Mkazi wake Zubeida anali atabwerera kwawo kalekale, ati watopa kukhala ndi munthu woyankhula ngati khoma lili ndi makutu. Sananame. Sumaila anaphunzira kutseka pakamwa ku ntchito, n'kuiwala katsekulidwe kake kunyumba.

"Ndiona chomwe ndingachite, bwana," anatero. Mawu amenewa anali atawanena kwa anthu ambirimbiri pa ntchito yake, koma aka kanali koyamba kuti amuchititse manyazi.

Atabwerera ku Capital Hill anapita molunjika kwa bwana Paxton, mkulu wa ofesi yawo. Amenewa sanali munthu woipa ayi. Anali munthu wotopa, wa ana asanu ndi awiri ndi nthenda ya zilonda za m'mimba. Atamva nkhaniyo anavula magalasi, n'kupukusa mutu kwa nthawi yaitali.

"Ha! Mayi wabwino uja. Dikirani pompano."

Anakwera pamwamba kwa akuluakulu. Anakhalako theka la ola, ndipo pobwera anatseka chitseko asanalankhule.

"Akuti wa boma aliyense asapezeke pa maliro amenewo. Nkhata ya maluwa ayi, kalata yopepesa ayi. Alendo athu a Lachisanu asamve kuti tinali kumeneko."

"Bwana, ndi maliro chabe."

"Sabata ino kulibe maliro chabe, a Sumaila. Mukuganiza kuti ine sizikundipweteka? Ife ndi ndani pa dziko lapansi? Tikakweza dzanja, akasinja aja abwerera? Sabwerera. Koma feteleza ndiye abwerera, ndipo anthu a kwathu ku Mitundu adzakolola mapesi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko." Anakhala pansi mwa phuu. "Koma akufuna maso a ofesi kumeneko. Mupite inuyo. Muime patali, mulembe akazembe amene abwere ndi aliyense wa boma amene muone. Musapereke moni, musakhudze kanthu. Anzathu a magalasi akuda akakhalanso komweko, ndiye mukudziwa."

Ankadziwa. Ndani sankadziwa? Zaka zimenezo munthu ankatha kupita ku ntchito m'mawa, madzulo katundu wake ali panja pa nyumba ya boma, iye mwini atatengedwa kupita kumalo kopanda adiresi. Mnzake wina wa pa desiki yoyandikana naye anapita choncho chifukwa chodya nkhomaliro ndi mtolankhani wakunja, ndipo chaka chinali chitatha osamveka.

Nthawi ya nkhomaliro Sumaila anakwera basi ya ku Old Town. Anatsikira pa mlatho n'kulowa m'tinjira ta kuseri kwa msika, komwe okhoma zidebe amagonthetsa anthu m'kutu ndipo matelala amapalasa makina pa makonde. Kumeneko ndiko anakulira. Bambo ake, malemu Twaibu, anasoka malaya pa khonde limodzi zaka makumi atatu. Koma iye panali patatha zaka ziwiri asanapondeko, ngakhale pa chikondwerero cha Idi.

Bibi Asiatu, azakhali ake, anawapeza akusankha mpunga pa lichero. Amenewa ndiwo ankasambitsa maliro a amayi m'dera lonselo.

"Iii, ndani uyu wa taye? Mwasochera, bwana? Ku Capital Hill ndi uko!"

"Bibi, ndabwera ndi nkhani."

"Ndikudziwa. Wopanda nkhani sabwera kuno. Khala pansi, taona kuonda. Kodi boma limakupatsa mapepala okhaokha kuti udye?"

Anawafotokozera monong'ona, akuyang'ana uku ndi uku. Atayamba kulongosola za akasinja ndi za feteleza, Bibi anamudula.

"Iwe, zimenezo ukauze anzako a mataye. Ndi wamkazi?"

"Eya."

"Msilamu?"

"Eya."

"Ndiye wagona yekha kuyambira m'mawa, ife tili pano kusankha mpunga? Mulungu atikhululukire!" Anaika lichero pansi n'kuyamba kumanga mpango. "Pita kwa Shehe akonze sanda yokulungira mtembo ndi okumba manda. Ine nditenga anzanga awiri. Galimoto yonyamula matabwa ya pa msika pano itiperekeza."

"Koma Bibi, musatchule dzina langa."

Anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku taye. Sanamunyoze. Anangoti, "Chabwino, mwanawe," ndipo Sumaila akanakonda akanamutukwana.

Itakwana nthawi ya swala ya alasiri, pemphero la chakumadzulo, cha m'ma hafu pasiti fili, mtembo unali utafika ku mzikiti. Sumaila anaima tsidya lina la msewu, pa khonde la sitolo ya nsalu, kabuku ndi cholembera m'manja. Kazembe wa dziko lina sanabwere ndi mmodzi yemwe. Wa boma anali iye yekha. Koma amuna a m'deramo anali atalowa ambiri ndithu, mwina makumi anayi, pakuti kwa iwo maliro safuna kalata yoitanira.

Kenaka panafika landirova yotuwa n'kuima pa geti penipeni pa mzikiti. Munatuluka amuna awiri a magalasi akuda. Wina anatsamira boneti n'kutsekula kabuku kake, wina anali ndi kamera.

Musawaweruze msanga anthu a ku Old Town. Uyu ali ndi laisensi ya golosale, uyo mwana wake wangolembedwa kumene ntchito ya ukalaliki, winayo khadi lake la chipani ndi la chaka chatha. Atatuluka m'mzikiti n'kuona kamera, aliyense anakumbukira kuti wasiya sitolo yosatseka. Ankavala nsapato mofulumira, maso ali pansi, n'kuzemba mmodzimmodzi kudzera kuseri. Pomwe jeneza limatuluka, chonyamulira maliro chija chophimbidwa ndi nsalu yobiriwira, panali patatsala amuna anayi okha: a Abdallah, Shehe wokalamba, telala wina wotsimphina ndi wogulitsa nyama mmodzi.

Tsono mwambo wake ndi uwu. Jeneza silikwera galimoto kuchoka pa mzikiti, limayenda pa mapewa. Amuna amandanda mbali zonse ziwiri, uyu alandira, ayenda mapazi angapo, wina alowa, mwakuti palibe amene amatopa. Ngakhale wodutsa ndi njira amaika katundu wake pansi n'kupereka phewa. Ndipo likanyamuka, silitulidwa pansi mpaka kumanda. Koma tsiku limenelo ngodya zinali zinayi, anthu anayi, wolandira palibe.

Ananyamuka. "La ilaha illallah," Shehe anayambitsa, ndipo mawu atatu okha ndiwo anavomera. Landirova inkatsatira pambuyo pang'onopang'ono. Sumaila ankayenda tsidya lake la msewu, moyang'anizana nawo, ngati munthu wongopita zake. Anthu pa makonde ankaimirira mwaulemu, amayi ena akugwada, koma woponda mumsewu panalibe.

Njira ya kumanda ndi yokwera. Dzuwa linali likuwotchabe. Atapitirira mitengo ya mango, Sumaila anaona miyendo ya Shehe ikunjenjemera. Mkuluyu anali wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri. Ndi yemwe anamuphunzitsa Sumaila kuwerenga Kurani ndi kamkwapulo ka nsungwi. Thukuta linali litanyowetsa mkanjo wonse. Ngodya yake inayamba kutsika, jeneza n'kupendekeka, ndipo m'kati munamveka kukhwekhwereka pang'ono.

"Gwirani, Shehe! Gwirani!" anatero wogulitsa nyama.

Sumaila anayang'ana a Abdallah. Ankaganiza kuti atembenuka, amuyang'ane, amuitane ndi maso. Ayi ndithu. Kuyambira pa mzikiti sanamuyang'ane ngakhale kamodzi. Maso awo anali kutsogolo, mano atalumana. Apo mpamene Sumaila anazindikira kuti akuchitira dala. Munthu wopanda dziko, wopanda mkazi, wosadziwa za ana ake, anali kumuteteza iye kuti a kamera asaone kuti amadziwana.

Chinamupweteka chimenecho kuposa kutukwanidwa. Mantha anali nawo, musaganize kuti anatha. Anaganiza za nyumba ya ku Area 15, za desiki ya mnzake uja, za bwana Paxton amene adzafunsidwe kuti munatuma munthu wotani. Anaganizanso kuti tsiku lake likadzafika, ku nyumba ya makatani otseka ija, adzamunyamula ndani.

Shehe anaphunthwa pa mwala, bondo limodzi n'kugunda pansi. Jeneza linatsala pang'ono kukhudza dothi.

Sumaila sanadziwe kuti msewu anawoloka bwanji. Anangozindikira mtengo wa jeneza uli pa phewa lake, pamwamba pa jekete, kabuku katagwera mu ngalande.

"Pumulani, Shehe."

Mkuluyo anadzuka akupuma mwa wefuwefu, n'kumuyang'anitsitsa. "Mwana wa Twaibu," anatero. Kumbuyo kwawo kamera inalira kawiri.

Chomwe chinamudabwitsa Sumaila ndi kupepuka kwake. Mayi uja anali atatha, abale inu, masiku asanu ndi anayi osadya. Cholemera chinali jeneza lenilenilo. Kutsogolo kwake ankaona khosi la a Abdallah, thukuta likutsikira m'kolala. Sanatembenuke, koma mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo Sumaila anadziwa kuti akulira. Shehe anayambitsanso mawu aja. Sumaila anatsekula pakamwa, ndipo mawu omwe sanawatchule mokweza kwa zaka anatuluka okha, osasa.

Ndikanakonda kukuuzani kuti anthu a pa makonde ataona zimenezo anakhamukira mumsewu. Sizinatero. Analowa mmodzi yekha, mkulu wina wokhoma zidebe dzina lake Nasoni, yemwe sanali n'komwe Msilamu. Anaika nyundo pansi, n'kupukuta manja pa ovolosi, n'kulandira telala wotsimphina uja.

"Maliro n'kulirana," anatero, osauza munthu aliyense kwenikweni.

Kumanda anapeza okumba awiri atamaliza, atakhala pa mulu wa dothi lofiira. M'dzenje mumayenera kutsika anthu atatu olandira mtembo, ndipo amayenera kukhala achibale. A Abdallah anatsika. Anayang'ana m'mwamba, kufuna wachiwiri.

"Tsika, Sumaila," anatero Shehe. "Lero m'bale wake ndiwe."

Anavula nsapato ndi jekete n'kutsika, wogulitsa nyama pambuyo pake. Pamwamba anafunyulula nsalu kuphimba dzenje, monga amachitira akakhala maliro a mayi, ndipo m'katimo munada, mukununkhira dothi lonyowa. Anawalandira mayiwo m'manja, atakulungidwa mu sanda yoyera yomangidwa ndi manja a Bibi Asiatu. Anawagoneka m'kachipinda ka m'mbali, chakumanja, nkhope italoza ku Maka. A Abdallah anawanong'oneza mawu m'chinenero cha kwawo. Sumaila sanamve tanthauzo lake, ndipo anayang'ana kumbali kuti awapatse mpata.

Atakwirira, Shehe anapemphera mwachidule. Mwambo umati anthu andande kugwira chanza wofedwa, ndipo anandandadi, onse asanu ndi awiri, kuwerengera okumba omwe. Mzerewo unatha usanayambe n'komwe. Wina aliyense analowera kwake mofulumira.

Landirova inali itaima pa chipata cha manda, injini ikulira. Chitseko cha kumbuyo chinali chotsekula.

"Akulu!" anaitana wa kabuku uja, mwaulemu ndithu. "Tabwerani tikuperekezeni."

"Ndisambe kaye m'manja," anayankha Sumaila.

Pansi pa mtengo okumba anali atasiya ndowa ya madzi ndi kachitini. Asanawerame, a Abdallah anatola kachitiniko, n'kutunga, n'kuyamba kumuthirira. Sumaila anafuna kukana, pakuti kazembe sathirira madzi kalaliki, koma iwo anapukusa mutu. Madzi ankatsika ofiira. Anasamba pang'onopang'ono, chala chilichonse pachokha.

"Akuchitani chiyani?" anafunsa a Abdallah motsitsa mawu.

"Sindikudziwa, bwana."

"Ndinayesetsa kuti ndisakuyang'aneni."

"Ndinaona."

Anathiranso madzi ena, ngakhale manja anali atayera kale.

"Ndikalemba lipoti," anatero a kazembe. "Ndikalemba kuti pa maliro a mkazi wanga, Malawi anabwera."

"Mukalitumiza kwa ndani?"

A Abdallah anayang'ana manda, anayang'ana kachitini kali m'manja mwawo.

"Sindikudziwa," anatero. "Koma ndikalemba."

Hutala ya landirova inalira kamodzi, mwachidule. Sumaila anavala nsapato, n'kumanga zingwe zonse ziwiri bwinobwino. Jekete analikoleka pa mkono. Atafika pa chipata anacheuka, ndipo anaona a Abdallah atakhala pansi m'mbali mwa mulu wa dothi, okhaokha, miyendo atatambasula monga amakhalira anthu a kwathu kuno pa maliro.

"Kwerani, akulu," anatero wa kamera.

Sumaila anakwera, n'kudzitsekera yekha chitseko.